Mwana Wanga Saimbanso Kwaya

Aulutsi, ndine mayi wa ku Khuyu kuno ku Likoma. Mwana wanga wamkazi ankaimba kwaya kutchalitchi ku Chipyela. Pakhosi pakamupweteka, tonse tinkangoti, "N'kuimbako, amwe madzi a mandimu." Kenako mawondo anatupa, iye n'kuyamba kubanika. Adokotala anati zilonda zapakhosi zija zinatupitsa mtima, ndipo mtimawo wawonongeka.

Lero amabayitsa jekeseni mwezi uliwonse, ndipo popita kutchalitchi amapumira panjira. Lamulungu lapitali anzake atayamba nyimbo imene iye ankatsogolera, anandinong'oneza kuti, "Amayi, ayamba mothamanga." Milomo yake inkayenda, koma mawu osatuluka.

Makolo anzanga, mwana akadandaula pakhosi, thamangirani naye kuchipatala. Wangayu yunifolomu yake ya kwaya wapatsa mng'ono wake.