Mabotolo a Bambo Vollmer

Loweruka masana, pamzere wa pa chimgolo chotayamo mabotolo, bambo wina anatembenukira mayi amene anali pambuyo pake.

"Mukuchiona chikwangwanicho, mayi? 'Osataya mabotolo kuyambira 1 koloko mpaka 3 koloko, anthu akupuma.' Anachimenyera nkhondo ndine, Vollmer. Makalata asanu ndi anayi kukhonsolo!"

"Ndinu amene munayeza phokoso la makina otchetchera kapinga a abusa?"

"Ndi kachipangizo aka. Phokoso lofika madesibelo 78, Lamulungu! Anapepesa ali paguwa."

"Koma mumsewu muno amakupatsani moni?"

"Moni ndidya? Bola amandiopa. Zaka khumi ndi ziwiri ndikuneneza anthu, ine sananditolepo chifukwa ngakhale kamodzi. Ena amagona pawindo kudikira tsiku limenelo. Adzakalamba pomwepo!"

"Tayanitu, achikulire, mwatiimitsa."

"Musandithamangitse, zinthu zimafuna dongosolo. Obiriwira kwaokha, oyera kwaokha."

Botolo la vinyo linalowa mumgolo. Phwaa!

Mayi aja anatambasula mkono, kuwaonetsa wotchi.

"Pepani, bambo Vollmer. 1 koloko yadutsa ndi mphindi zinayi."

Pamwamba pawo mawindo anayamba kutseguka limodzilimodzi, aliyense cholembera chili m'manja.