A Namapu Atisiyira Mapu Opanda Dzina

Abale, anansi, atsogoleri a mpingo, ndi nonse amene mwabwera kudzatipepesa, banja landituma ine, mlongo wamng'ono wa malemu, kuti ndiwerenge mbiri yawo. Mukaona ndikudodoma mundikhululukire. Tinakhala pansi anthu asanu kulemba mbiriyi, ndipo pali zina zimene mpaka pano sitinamvane.

Amene agona apawa ndi achemwali athu, amene tonse tinazolowera kuwatchula kuti a Namapu. Anabadwira m'nyumba ya njerwa kuseri kwa siteshoni ya sitima, kumene bambo athu ankagwira ntchito yokonza njanji. Anali achisamba m'banja la ana asanu ndi mmodzi. Chitupa chawo chimati anabadwa mu 1951, kalata ya ubatizo imati 1953. Mayi athu ankangoti mwanayu anabadwa chaka chimene dzuwa linada masanasana, nkhuku n'kulowa m'khola. Atakula, a Namapu anafufuza okha zaka zimene kunachitika kadamsana, n'kupeza kuti pa zaka ziwirizo palibe chogwirizana ndi mawu a mayi. Pamtanda talembapo 1951, poti malo ake anali a chaka chimodzi basi.

Sukulu anayambira pafupi ndi siteshoni pomwepo. Ali m'kalasi lachinayi, mphunzitsi anabwera ndi mpira wojambulidwa mayiko, n'kunena kuti dziko lathu ndi lobulungira chonchi, ndipo limazungulira dzuwa. Achemwali anakweza dzanja n'kufunsa kuti nanga anthu okhala kunsi kwa mpirawo sagwa bwanji. Mphunzitsi anayankha kuti kunsi kulibe. Yankho limeneli linawasowetsa mtendere. Sabata yathunthu ankayenda atagwira khoma, ndipo mayi ankaganiza kuti ndi malungo. Iwo ankati funso limenelo ndi limene linawakoka mpaka kumaliza sekondale, nthawi imene atsikana anzawo ambiri ankalekera panjira.

Mu 1974 anayamba ntchito ku ofesi yoyeza malo ndi kujambula mapu. Ine ndinapitako kangapo kukawasiyira uthenga. Chinali chipinda chachitali cha mawindo akuluakulu, matebulo opendekeka, fungo la inki, ndi makabati a madirowa aatali mosungiramo mapepala. Ankakhala tsiku lonse atawerama pa zithunzi zojambulidwa ali m'ndege, akuyang'anira m'timagalasi tiwiri timene timachititsa phiri kuoneka ngati latumphuka papepala. Akatero ankalemba mizere yokhotakhota yosonyeza pamene malo akwera ndi pamene atsika. Dzina loti a Namapu linachokera kumeneko, ndipo linamata mpaka dzina la makolo linatsala pa chitupa pokha.

Mu 1977 anakwatiwa ndi alamu athu, atelala amene akhala kutsogolo apawa. Banja lawo linali lamtendere, kupatula mlandu umodzi umene sunathe. Alamu sanavomerepo kuti dziko limazungulira. Ankati: "Likanakhala kuti limazungulira, bwenzi khomo la shopu yanga likuyang'ana kwina m'mawa uliwonse." Achemwali ankatenga lalanje ndi kandulo n'kuyamba kufotokoza za usana ndi usiku, alamu n'kumvetsera mwaulemu, kenako n'kupempha lalanjelo kuti alisende. Ana awo anakula osadziwa kuti atsate bambo kapena mayi.

Tsopano ndifike pa nkhani imene ena m'banja ankati tisaitchule. Koma eni ake sankaibisa, choncho ifenso sitiibisa.

Mu 1988 mabanja makumi atatu ndi awiri anapatsidwa malo omangapo nyumba mbali ina ya tawuni, pafupi ndi kamtsinje. Mapu ankasonyeza kuti malowo ndi okwera. Pepala litafika pa tebulo la a Namapu kuti asainire, anaona kuti mizere yake sikugwirizana ndi ya pepala loyandikana nalo. Pepala lina linkati pamenepo ndi chitunda, lina linkati ndi chigwa. Masiku atatu sankadya bwino. Ankayala mapepala awiriwo pansi m'chipinda chochezera, kuwatembenuza uku ndi uku, osapeza pogwira. Loweruka anatenga alamu n'kupita wapansi kukaona ndi maso. Anapeza anthu akuumba njerwa, ena atafolera kale, pamalo pamene ngakhale mwana akanaona kuti madzi akhoza kudikha.

Lolemba anatsegula madirowa akale kufuna kudziwa amene analakwitsa. Anapeza kuti woyeza malo analemba bwino 86, koma wokopera anawerenga pepala chozondoka n'kulemba 98. Malo anakwera mamita khumi ndi awiri papepala pokha. Pansi pa pepalalo panali siginecha ya wokoperayo, ya zaka zisanu ndi zinayi m'mbuyomo. Inali yawo yomwe.

Akuluakulu a pa ofesi anawauza kuti angosainira, nkhani ife yokha, poti palibe amene angadziwe. Iwo anakana. Anapita okha kukaimirira pamaso pa mabanja aja n'kunena kuti: "Cholakwa ndi changa. Dzanja ili ndi limene linalemba. Chonde samukani." Anatukwanidwa tsiku limenelo, ndipo mayi wina anawaponyera chidutswa cha njerwa chimene chinawasiyira chipsera pachipumi. Mabanja anasamutsidwa, nyumba zisanu ndi ziwiri zinagumulidwa, ndipo a Namapu anatsitsidwa paudindo n'kuikidwa kosunga mapepala. Kenako madzi aja sanabwere. Chaka choyamba kunali gwa, chachiwiri chimodzimodzi, mpaka zaka zisanu. Anthu ankawaloza m'misewu kuti mayi uja anatigwetsera nyumba pachabe. Iwonso anayamba kudzikayikira. Tsiku lina anandifunsa kuti: "Achimwene, kodi ndinalakwa polemba paja, kapena ndinalakwa pokonza?" Chaka chachisanu ndi chimodzi mvula inagwa masiku anayi osalekeza, ndipo pamalo paja panangotsala nsonga za mitengo zikusuzumira m'madzi. Palibe amene anafa. Palibenso amene anabwera kudzanena kanthu kwa iwo. Lero ndikuona nkhope zingapo za mabanja amenewo pakati pathu. Sitikudziwa chimene chili m'mitima mwanu, koma mwatilemekeza pobwera.

Kumpingo anali a kwaya ndiponso a gulu la amayi kwa zaka zoposa makumi atatu. Amayi anzawo sadzaiwala tsiku limene anawaimika pabwalo la tchalitchi, abusa pakati ngati dzuwa, amayi asanu ndi anayi akuwazungulira ngati mapulaneti. Panavuta pa pulaneti ya mphete ija, poti dzina lake limamveka ngati Satana, ndipo palibe mayi amene analola. Anaimapo a Namapu eni ake. Patapita zaka, akatswiri analengeza kuti Puluto, ya kumapeto ija, siiwerengedwanso pa mapulaneti. A Namapu anapita kunyumba kwa mayi amene ankaimira Puluto kukapepesa. Mayiwo ali pano, ndipo mpaka lero amafunsa kuti chinthu cholengedwa ndi Mulungu anthu angachichotse ntchito bwanji.

Anapuma pantchito mu 2009. Matenda anayamba zaka zinayi zapitazo, mwakachetechete. Ankaiwala pamene aika makiyi, kenako ankaiwala kuti makiyi ndi a chiyani. Madokotala anati ndi matenda oiwala, amene amadya nzeru pang'onopang'ono. Atazindikira zimene zikuchitika, anajambula mapu a nyumba yawo yomwe, kuchipinda, kukhitchini, kubafa, ndi kamuvi kosonyeza kumpoto, n'kuwamata pakhoma la pakhonde. Tsiku lina m'mawa anatuluka osatsanzika. Tinawafunafuna m'zipatala ndi kupolisi, ndipo tinakawapeza madzulo ataima pageti la ofesi yawo yakale, imene tsopano ndi sitolo yogulitsa matailosi. Anali atavala bwino, chikwama kukhwapa, akudandaula kuti achedwa ndipo wina wasuntha khomo. Chimene chinkatizunguza mutu n'chakuti mapulaneti onse ankawatchula m'ndondomeko yake osaphonya, koma mwana wawo wamkazi amene ankawasambitsa ankamufunsa kuti: "Inu mayi, ndinu a kwa yani?"

Anagonekedwa m'chipatala Lachiwiri sabata yatha, chifukwa cha chibayo. Lachisanu masana anakhala tsonga n'kupempha pensulo. Namwino anawapatsa ndi kapepala. Dzanja limene linali likunjenjemera miyezi yonseyi tsiku limenelo linakhazikika. Anajambula msewu wokhota kawiri, mlatho, mitengo itatu, ndi kanyumba kamodzi kokhala ndi chitseko chotsegula. Sanalembepo dzina lililonse. Anapereka pepalalo kwa mwana wawo wamkulu n'kunena kuti: "Musasochere." Anamwalira Loweruka dzuwa litangotuluka.

Pepalalo taliyendetsa m'manja mwa abale onse. Si kumene tinabadwira, si kumene anakwatiwira, si kuno. Anzawo a ku ofesi aliyang'ana, nawonso apukusa mutu. Lili ndi mwana wawo wamkulu, ndipo mwambo ukatha likhala patebulo la pakhonde. Ngati alipo pakati panu amene angawazindikire malowo, chonde abwere adzatiuze.

Malemu asiya amuna awo, ana atatu, aakazi awiri ndi wamwamuna mmodzi, apongozi awiri, zidzukulu zisanu ndi ziwiri, chidzukulutudzi chimodzi, ang'ono awo awiri, ndi ine mlongo wawo.

Kumene apita akudziwa ndi Mwini wake. Achemwali athu apumule mu mtendere.