Moni Wandidulitsa Mapilitsi

Pasiteji ya basi ku Beaumont Leys, kutsidya kwa nyanja, bambo wina woyendera ndodo ankalephera kukhala pabenchi. Mayi wovala yunifomu ya kukeya, kosamalira okalamba, anamumva akubuula m'Chichewa.

"Pepani bambo, ndi msana?"

"Chaka chachisanu chino, mayi. Kunyamula mabokosi kuweyahausi. Tsopano akundichepetsera tramadol, mapilitsi opha ululu aja, akuti malamulo akhwima chifukwa anthu akumazolowera."

"Basi kungochepetsa?"

"Adokotala anaimba foni n'kufunsa kuti ndili bwanji. Ine mwaulemu, 'Ndili bwino, kaya inu?' Iwo n'kulemba kuti ndikuchira."

"Aa, inunso! Mukulonjerana ndi GP ngati apongozi anu? Kuno ukati uli bwino, amalemba."

"Nanga munthu wamkulu n'kuyamba ndi madandaulo? Ndinkadikira kuti andifunse kachiwiri."

"Kachiwiri kake kati, ndi mphindi khumi zokha zimene amapatsa wodwalazo? Ndiye anakupatsani chiyani?"

"Pepala lophunzitsa kupuma. Zaka sikisite ndakhala ndikupuma ndekha popanda pepala."

"Ulendo wina mukalire, bambo. Mukagubuduke ngati pamaliro."

"Ndinalira mwezi wathawu."

"Ndiye?"

"Analemba kuti kulirira mapilitsi n'chizindikiro choti ndazolowera. Anandichotseranso awiri."