Nkhono ya m'khutu

Pa siteji ya Mpamba, bambo wina anapereka moni katatu kwa mayi amene anakhalira thumba la mpunga. Mayiyo anayankha atatembenuzira khutu linalo.

"Pepani ada, khutu ili linatseka nditadwala chimfine. Ndadonthezamo mafuta ophikira, ndatokosa ndi nthenga ya nkhuku, koma ayi ndithu. Kukwaya ndikungoyasamula pakamwa."

"Ama, mukusesa pakhonde pomwe mwina vuto lili kuchipinda. Langanso linatero. Adokotala anati mkati mwenimweni muli kanthu kopindika ngati nkhono, ndipo m'menemo muli tiubweya tomvera."

"Nkhono? M'mutu mwanga muno?"

"Eya. Thupi likamalimbana ndi matenda, m'menemo mumatupa, tiubweyato n'kufa. Tikafa sitimeranso."

"Mulungu wanga! Nyimbo zonse zija zimadutsa pa ubweya?"

"Ine anandipatsa mapilitsi ophwetsa kutupako. Ena amawabaya m'khutu momwemo. Koma anati pakapita masabata awiri, mwayi umachepa."

"Ndiye munamva?"

"Pang'onopang'ono. Woyamba kumumva anali tambala wa aneba, amene ndinkamutukwana daily. Ndinalira."

Mayiyo anawerenga zala.

"Lero ndi tsiku lachisanu ndi chinayi chitsekereni. Kondakitala! Yopita kuchipatala ndi iti? Mpungawu suwola."