Dokotala wa Ziweto Amene Anakana Kukhala Chete

Malemu, mlongo wathu, anabadwa pa 9 Juni 1968, wachitatu m'banja la ana asanu. Ine ndikuwerenga mbiriyi ndine mlongo wawo wamkulu. Mundipirire, anamfedwa ndi nonse mwabwera, chifukwa mawu ena akhala pakhosi nthawi yaitali.

Bambo athu ankaweta ng'ombe. Mu 1979 zonse zinafa ndi matenda obwera ndi nkhupakupa, ndipo anyamatafe tinasiya sukulu kuti malemu, amene anali anzeru kutiposa, apitirize. Anamaliza sekondale mu 1987, napita kuyunivesite kukaphunzira udokotala wa ziweto. Mu 1994 anakwatiwa ndi alamu athu akhala apowa, mphunzitsi wa masamu, munthu woleza mtima amene analola kuti timabotolo ta magazi a ng'ombe tizikhala mufiriji pambali pa mkaka wa ana.

Mu 1996 analowa ntchito pamalo ofufuzira matenda a ziweto, ndipo mu 2003 analandira digiri yawo yachitatu. Ankazungulira m'madibi, kuthothola nkhupakupa m'makutu ndi kunsi kwa michira ya ng'ombe, n'kukaziyesa ndi mankhwala. Anzawo anawatcha Mayi Nkhupakupa, iwo n'kumaitanika akuseka.

Mu 2009 anapeza kuti mankhwala a dibi amene alimi ankagawiridwa sankaphanso nkhupakupa. Zinali zitawazolowera. Ng'ombe zinkangosamba basi. Malemu anakauza abwana awo, osadziwa kuti kampani yoitanitsa mankhwalawo inali ya alamu awo a bwanawo. Abwana anati: "Mayi, muli ndi ana inu. Khalani chete." Malemu anayankha kuti: "Bwana, nanga ng'ombe zikayamba kugwa, eni ake mudzawauza chiyani?"

Yankho linabwera mu 2010. Anawasamutsira kusiteshoni yakutali, m'chipinda chodontha, magetsi oyaka akafuna. Magolovesi sankatumizidwa, moti malemu ankatumbula ng'ombe zakufa atamanga timajumbo m'manja. Ng'ombe zinagwadi, makola n'kutsala pululu. Zinthu zitavuta, mu 2012, abwana aja anatembenuka. Anatenga kafukufuku yemwe uja anamukana, n'kukamusindikiza m'magazini ya akatswiri a kunja, dzina lawo lili pamwamba, la mlongo wathu palibe. Anavekedwa mendulo. Tinawaonera pa kanema akumwetulira.

Malemu sanagwe mphwayi. M'chipinda chodontha chomwecho anapeza njira yosinthasintha mankhwala a dibi kuti nkhupakupa zisawazolowere, njira imene lero ikuphunzitsidwa m'makoleji ngakhale kunja kwa dziko lino. Ophunzira ankawalondola okha kumeneko, n'kumagona pakhonde. Ambiri mwa madokotala a ziweto muli panonu munadutsa m'manja mwawo, ndipo mukudziwa kuti sindikuwonjezera kanthu.

Mu 2019 anayamba kudwaladwala. Thupi linkatentha osaleka, mfundo n'kumatupa. Achipatala anapeza kuti anatenga matenda kuchokera ku ng'ombe zimene ankatumbula, ndipo matendawo anali atafika kumtima. Anapempha kuti awabwezere pafupi ndi chipatala chachikulu. Abwana anati malo kulibe. Mwezi womwewo malowo anapezeka, anapatsidwa mphwawo wa abwanawo. Malemu anatisiya pa 17 Ogasiti 2023, ali m'galimoto ya mlimi wina, asanafike kuchipatala.

Tsopano, bwana, takuonani. Mwakhala pampando wakutsogolo, tayi yakuda pakhosi, mpango m'manja wopukutira maso ouma. Nkhata ya maluwa mwatumiza ija taiika kunja kwa mpanda, ndipo ndamva kuti mbuzi zayamba kale kuigwiritsa ntchito. Mwapempha kuti mulankhule m'malo mwa akuntchito. Banja lakana. Munalankhula kokwanira mwini wake ali moyo. Dziwaninso kuti ophunzira a malemu akadandaula kwa eni magazini aja, ndipo nkhaniyo aitsegula. Mwana woyamba wa malemu, uyo akukuyang'anani apoyo, ndi loya, ndipo anaphunzira ntchitoyo akukuganizirani inuyo. Mlandu suola. Tikupemphera kuti Mulungu akupatseni moyo wautali ndi makutu akumva bwino, kuti tsiku lodzavula mendulo ija mudzamve chilichonse.

Malemu asiya amuna awo, ana atatu, zidzukulu ziwiri, ife abale awo anayi, ndi mayi athu okalamba amene lero akuika mwana wawo m'malo moti mwanayo adzawaike iwo.

Tikuthokoza anamwino amene anawasamalira, ophunzira awo amene anyamula bokosi, alimi amene mwadzaza malole kubwera kuno osaitanidwa, komanso bambo a galimoto aja amene anayesetsa kuthamanga nawo. Ambuye akubwezereni pamene mwachotsa.

Mlongo wathu, mwagwira ntchito, mwatopa. Mzimu wanu uuse mumtendere. Nkhondo yatsalayi tisiyireni ife.