Mwana wanga sanagwadire abusa

Muwerenge nkhaniyi pa wailesi, koma dzina langa musatchule. Ndine mayi wa ku Woolwich, kuno kudziko la azungu, ndimapemphera m'kaholo kena ku Barking.

Lamulungu lina mwana wanga wamkazi, wobadwira konkuno, anapatsa abusa tiyi ataimirira. Anamwetulira, koma sanagwade. Abusa atapita kuguwa anasiya uthenga wa tsikulo, n'kuyamba kulalikira za mfumu yoyamba ya Aisraeli, imene Mulungu anaikana chifukwa cha kusamvera. Kenaka analoza mwana wanga, amvekere, "Winanso ndi uyo." Anthu akuluakulu a imvi zawo anavomera kuti ameni.

M'basi pobwerera mwanayo ankangoyang'ana pawindo, misozi ili chuchuchu. Mwamuna wanga anandinong'oneza kuti, "Mayi a mwana, wodzozedwa sakhudzidwa."

Ndinawayankha kuti, "Bambo, malemba omwewo inenso ndimawerenga. Mfumu ija inakanidwa chifukwa sinamvere Mulungu, osati chifukwa cha kapu ya tiyi. Ndipo Aisraeli aja atalirira mfumu, mneneri anawachenjeza kuti idzatenga ana awo aakazi n'kuwasandutsa ophika ake. Ndime imeneyo abusa amailumpha bwanji?"

Mtima ukundiwawabe. Mwana ameneyu ankagwada yekha pambali pa bedi m'mawa uliwonse asanapite kusukulu, popanda womuuza. Chichokereni ku Barking tsiku lija sanagwadenso, ndipo ndikamuitana kuti tipemphere amangotseka chitseko.

Abusa, ndikudziwa kuti pulogalamu ino mumamvera. Tiyi uja munamwa mpaka kutha. Pemphero la mwana wanga mundibwezera liti?