Zidzukulu Zitatu Zimene a Arlie Stamper Atisiyira

Malemu achimwene anga, a Arlie Stamper, anabadwa pa 9 Malichi 1946 m'chigwa chomwechino kuno ku Kentucky, m'banja la ana asanu ndi awiri. Wotsala ndine ndekha, Hershel. Mundipirire abale, mpweya wanga ndi wa m'botolo ili, ndiwerenga mopumira.

Sukulu analekezera kalasi yachisanu ndi chitatu, ndipo mu 1964 analowa mumgodi wa malasha, momwe anagwira ntchito zaka makumi atatu ndi ziwiri. Pa 14 Juni 1969 anakwatira mayi Ozella, Ambuye nawapatsa ana awiri, Denver ndi Lorna. Mu 1975 anabatizidwa mumtsinje uli kuseri kwa tchalitchi chino.

Ana awo anawalera molimba. Mwana akanama, ankamuyendetsa wapansi mpaka pakhomo la amene wamunamizayo, akapepese. Ankakonda kunena kuti, "Sindikulera iwe wekha ayi, ndikulera ndi ana ako omwe, amene sanabadwewo." Kulimbako kunafika patali. Mu 2003 Denver anasiyana ndi mkazi wake nakwatira wina, mpingo unakhala pansi monga mwa lamulo lathu, ndipo dzanja loyamba kukwera kuti achotsedwe linali la bambo ake omubala. Denver anapita ku Ohio, ndipo lero ndi koyamba kupondanso muno.

Mayi Ozella anatisiya mu 2016. Mu 2019 Lorna naye anapita, ndi mapiritsi ozunguza bongo aja atimalizira ana m'mapiri muno. Anasiya ana atatu opanda bambo wowasamala: Josie, Waylon ndi Opal. Malemu anawatenga tsiku la maliro lomwelo, naimirira pano pomwe ndaimapa kulonjeza pamaso pa mpingo kuti awalera. Tinawauza kuti akalembetsenso kukhoti. Anandiyankha kuti, "Hershel, ukukalamba ndi nzeru zomwe! Ndalonjeza kwa Mulungu, ndiye woweruza akawonjezerapo chiyani?" Ine chitsiru ndinangoseka, osawakakamiza.

Munthu wa zaka makumi asanu ndi awiri ndi zitatu anaphunzira kuluka tsitsi la atsikana ndi zala za kumgodi zija. M'mawa uliwonse, basi ya sukulu isanafike, ankatchula mzere wa nyimbo, ana n'kumatsatira, monga timaimbira muno. Opal anadziwa nyimbo zathu asanadziwe kuwerenga.

Fumbi la malasha linawadya mapapo pang'onopang'ono. Anagonekedwa m'chipatala mu Febuluwale chaka chino. Lamulungu lapitali masana anakweza dzanja lawo lamanja, kuliyang'ana nthawi yaitali, nati, "Ili ndinalikweza msanga. Ukamuuze Denver." Ndakuuza tsopano, mwana wanga. Anamwalira Lachitatu pa 3 Epulo 2024, ali ndi zaka makumi asanu ndi awiri kudza zisanu ndi zitatu.

Tsiku lotsatira kunabwera a boma oona za ana. Ndi anthu aulemu, sindiwada, koma pepala la kukhoti lija palibe. Anena kuti ngati wachibale sakasaina pofika Lachisanu likubwerali, anawa awagawa kumakomo atatu achilendo, aliyense kwake. Ndinapempha kuti andipatse ine. Anayang'ana botololi, anapukusa mitu. Ndikuopa, abale, ndikuopa kwambiri. Adzawapempherera ndani kumeneko? Josie wandifunsa dzulo kuti, "Agogo, Opal azidzamuluka ndani?"

Malemu asiya mwana mmodzi, Denver, zidzukulu zitatu zakhala apazi, ndi ine mng'ono wawo. Tikuthokoza amayi amene mwatiphikira nyemba ndi zikondamoyo masiku atatu onsewa, abambo amene mwakumba manda paphiri paja, ndi anamwino amene munawasamala mpaka mapeto. Mulungu akudalitseni.

Denver, ndakuona, wakhala kumbuyo uko pafupi ndi chitseko. Tinakulakwira, inenso dzanja langa linakwera tsiku lija. Sindikukupempha kuti ubwerere mumpingo. Ndikukupempha ana a mlongo wako, onse atatu pakhomo limodzi. Ndikanatha kugwada, ndikanagwada.

Ambuye, landirani achimwene angawa, muwagoneke mumtendere wanu. Koma inu onyamula bokosi, dikirani kaye. Sitituluka muno mpaka ana awa atadziwa kumene akupita.